Kuteteza bitiruti wa m'zigubu ku tizilombo ndi matenda

Kwathu ku Kapata, m'tauni ya Chipata kum'mawa kwa Zambia, malo ndi ochepa. Kuseri kwa nyumba kuli kampata koti munthu akatambasula manja amagunda khoma uku ndi uku, ndipo pansi pake ndi pouma gwa. Choncho dimba langa ndi zigubu za malita 20 zodula pamwamba, mabaketi otha ntchito ndi matumba a ufa. Mwa ndiwo zonse zimene ndayesamo, bitiruti ndiye wandivutitsa mutu kwambiri, chifukwa mavuto ake ena amaonekera pa tsamba pomwe ena amabisala pansi mpaka tsiku lozula. Masamba akhoza kubiriwira bwinobwino miyezi iwiri yathunthu, ukazula n'kupeza kamuzu konga chala kodzaza timfundo totupa.

Chimene ndaona pa zaka zimenezi n'chakuti m'chigubu matenda ambiri timalowetsamo tokha, kudzera m'dothi lomwe tatapa ndi m'kathiridwe kathu ka madzi. Ndiye tiyambire komweko, mankhwala tiwapeza kutsogolo.

Chigubu ndi dothi, musanafese

Sankhani chigubu chakuya masentimita 25 kapena 30. Tenthetsani msomali, muboole pansi pake mabowo asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, kenako muchikhazike pa njerwa ziwiri. Njerwazo zili ndi ntchito zitatu: madzi amatuluka msanga, chiswe sichikwera mosavuta, ndipo mizu siboola n'kukalowa m'nthaka ya pansi yomwe simukuidziwa. Ngati chigubucho munali mafuta ophikira, chitsukeni ndi sopo. Chomwe munali mankhwala a m'munda kapena oyilo wa galimoto chisiyeni, musalimemo chakudya.

Dothi ndiye nkhani yaikulu. Chaka changa choyamba ndinakatapa dothi lakuda lokongola m'dimba la m'bale wanga cha ku Lutembwe, pamalo pomwe analimapo matimati zaka zingapo zotsatizana. Ndinkati ndalemera. Bitiruti anamera, n'kuima pamenepo, masana aliwonse n'kumafota ngakhale dothi lili lonyowa. Nditazula mmodzi, mizu yake inali ndi timfundo totupa ngati mikanda. Awa ndi manematodi, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timalowa mu mizu n'kuitupitsa. Timakonda kwambiri matimati, therere, mabilinganya ndi fodya, ndipo kuno kum'mawa komwe fodya walimidwa kuyambira kalekale, minda yambiri ya mchengachenga ili nato. Tikalowa m'chigubu palibe mankhwala a pakhomo amene angachiritse chomera chimenecho.

Choncho musatape dothi pomwe panali mbewu zimenezi posachedwa. Sakanizani magawo awiri a dothi lapamwamba, gawo limodzi la manyowa owolerana bwino, ndi kamchenga pang'ono ngati dothilo ndi lamakande. Chotsani miyala ndi zibuma, chifukwa muzu ukagunda mwala umapindika. Manyowa aawisi a nkhuku amawotcha mbande, ndipo a ng'ombe osawolerana amabwera ndi mphutsi zoyera zonenepa zomwe zimadya mizu. Asefeni ndi manja, mphutsi zilizonse mukazipeza muponyere nkhuku.

Ngati dothi mukulikayikira, gwiritsani ntchito dzuwa la Okutobala lomwe timalidandaula lija. Nyowetsani dothilo, muliyale mopyapyala pa simenti kapena pa lata, mulifunde ndi pulasitiki yoonekera mkati, mutsindire m'mbali monse ndi njerwa kuti nthunzi isatuluke. Lisiyeni masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Kutenthako kumapha manematodi ambiri, nkhungu zowoletsa mbande ndi njere za udzu. Dothi lotero mukhoza kulisunga m'matumba mpaka nthawi yofesa.

Za phulusa ndinenepo mawu awiri, poti aliyense amalithira ngati mankhwala a chilichonse. Bitiruti sakonda dothi lowawasa kwambiri, amakula bwino pa pH (muyeso wa kuwawasa kwa dothi) ya pakati pa 6 ndi 7, ndiye kadzanja kamodzi ka phulusa pa chigubu chonse sikalakwika. Koma mukamakhuthulira phulusa la pa mbaula tsiku ndi tsiku, mukuitana mavuto awiri omwe ndiwafotokoza kumapeto: khungu la nkhanambo ndi mtima wakuda.

Nthawi yofesa

Kuno ku Chipata bitiruti amasangalala kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, mvula itatha, kukuzizira. Amene akuyamba kumene ayambe nyengo imeneyi, chifukwa matenda a masamba amakhala atagona. M'dzinja amalimika ndithu, koma mudzakhala pa nkhondo ndi madontho a pa masamba. Mu Okutobala vuto ndi kutentha: chigubu chakuda chikakhala padzuwa la masana mizu imapsa, ndiye chikulungeni ndi thumba loyera kapena muchiike pomwe pamafika mthunzi dzuwa likapendeka.

Mtundu umene umapezeka kawirikawiri m'masitolo a zaulimi m'tauni muno ndi Detroit Dark Red, womwe umakhwima pakatha miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono. Njere zina zimabwera zitapakidwa mankhwala a mtundu wapinki kapena wobiriwira otetezera kuwola. Musazitsuke, ingosambani m'manja mukatha kufesa, ndipo ana asazigwire.

Masabata atatu oyamba

Chomwe timachitcha njere ya bitiruti kwenikweni ndi kachipatso kouma komwe mkati mwake muli njere zingapo. N'chifukwa chake mukabzala imodzi pamamera timbande tiwiri kapena titatu pamodzi. Bzalani mozama sentimita imodzi kapena ziwiri, zimamera pakati pa sabata imodzi ndi ziwiri. Zikafika msinkhu wa chala, patulirani kuti pakati pa chomera ndi chinzake pakhale masentimita 8 mpaka 10. M'chigubu cha malita 20 zomera zinayi kapena zisanu zakwana. Ndikudziwa kuti kuzula mbande yamoyo kumapweteka mtima, koma zothinana sizipitisa mphepo, ndipo m'menemo ndi momwe nkhungu imakondwera. Dulani ndi sizasi m'malo mozula, kuti musagwedeze mizu ya zotsalazo.

Mbande ikagwa yokha, yang'anitsitsani pa tsinde. Ngati pamene yakhudzana ndi dothi paonda ngati ulusi, pada ndipo panyowa, ndi matenda owoletsa mbande, obwera ndi nkhungu za m'dothi lonyowa mopitirira. Chotsani zakufazo pamodzi ndi kadothi kozungulira, muchepetse madzi, muone ngati mabowo a pansi sanatsekeke. Lamulo langa ndi chala: ndikachilowetsa mpaka pa mfundo yoyamba n'kumva chinyezi, tsiku limenelo sindithira.

Koma ngati tsinde ladulidwa bwinobwino ngati ndi lumo, mbande ili gone pambali yosafota, wakuba ndi mphutsi yotuwa yomwe imadya usiku n'kubisala m'dothi masana. Siipita patali. Fukulani ndi kamtengo mozungulira mbande yodulidwayo, mudzaipeza itadzipinda ngati mphete. Apa m'pomwe chigubu chimaposa dimba: mphutsi imodzi kapena ziwiri, mwazipeza, nkhani yatha.

Nkhuku za aneba ndi mpheta nazo zimakonda timasamba tofiira timeneti. Phimbani ndi ukonde kapena nthambi zaminga mpaka zomera zitakula.

Chizolowezi cha m'mawa

Ichi ndiye chida chachikulu kuposa botolo lililonse. M'mawa uliwonse, madzi a tiyi ali pa moto, pitani ku zigubu mukatembenuze masamba. Pamwamba pa tsamba sipanena zambiri, tizilombo timakhala kunsi ndi mu mtima mwa chomera momwe mukutuluka masamba anthete. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa mwambiwo ndi weniweni, poti nkhonozo mudzazipezadi zitamatirira kunsi kwa chigubu pakati pa njerwa zija.

Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa tsinde, dziwani kuti pali nsabwe za m'masamba. Nyerere zimatsata timadzi totsekemera timene nsabwezo zimatulutsa, ndipo zimaziteteza ngati mbusa ndi ziweto zake. Nsabwe zimakhala zobiriwira kapena zakuda, zimayamwa madzi a tsamba mpaka likwinyike, ndipo zina zimafalitsa matenda a mavairasi omwe alibe mankhwala. Zikakhala zochepa zifinyeni ndi zala kapena muzikokolole ndi madzi. Zikachuluka, sungunulani kasupuni kamodzi ka sopo wamtanda wopala mu lita imodzi ya madzi, mupopere kunsi kwa masamba madzulo, mubwereze pakatha masiku atatu kapena anayi. Sopo amapha nsabwe yokhayo imene wayikhudza, choncho kupopera pamwamba pokha ndi kutaya nthawi.

Musagwiritse ntchito sopo waufa wochapira zovala. Ine ndinayesa, ndinathiranso wambiri poganiza kuti zifa msanga. Kutacha masamba onse anali atapsa m'mphepete ngati awauka ndi moto. Mayi oyandikana nafe atasuzumira pa mpanda anangoti, "Aneba, kodi mumafuna kuchapa ndiwozo kapena kuzilima?" Ndinalibe choyankha.

Mukaona tizikumbu tozungulira tofiira ta madontho akuda, tisiyeni. Timeneto ndi ana ake, omwe amaoneka ngati tiabuluzi takuda tating'onoting'ono, timadya nsabwe tsiku lonse kwaulere.

China chimene mudzaone ndi mizere yoyera yokhotakhota kapena zigamba zotuwa mkati mwa tsamba, ngati wina walembapo ndi choko. Kantchentche kamaikira mazira pa tsamba, kamphutsi kake n'kulowa pakati pa khungu la pamwamba ndi la pansi, n'kumadya kakuyenda. Kwezani tsambalo kudzuwa, mudzakaona kumapeto kwa mzere. Popeza kali mkati, sopo sakafika. Kafinyeni pomwepo ndi zala ziwiri, ndipo tsamba lomwe lawonongeka kwambiri lithyoleni mulitenthe. Mukalitaya pansi pafupi ndi chigubu kamphutsiko kamatuluka, kukhwimira m'dothi, n'kubweranso ngati ntchentche. Chomera chachikulu chimapirira mizere ingapo osasintha kakulidwe, ndiye musathamangire mankhwala.

Choopsa kwambiri m'nyengo yotentha ndi ya mvula ndi mbozi zobiriwira zomwe zimalumikiza masamba ndi ulusi ngati wa kangaude, n'kumadya zili mkati mpaka kutsala mitsempha yokha. Mayi wake ndi kagulugufe kofiirira ka mizere yoyera pa mapiko, kamene kamauluka mukagwedeza masamba. Mbozi imeneyi chakudya chake chenicheni ndi bonongwe. Ngati pafupi ndi zigubu zanu pamera bonongwe, wobzala kapena womera yekha, muziyang'ananso pamenepo, chifukwa ndi pomwe zimaswanirana zisanasamukire kwa bitiruti. Tsegulani masamba omatanawo, muzitole ndi manja. Nunkhadala nayenso, dzombe lokongola lonunkha lija, amatoledwa ndi manja m'mawa kukadali kozizira asanachangamuke. Muponyereni m'chitini cha madzi a sopo, nkhuku sizimudya.

Mbozi zikakukulirani mphamvu, nimu amathandiza. Sinjani njere zouma za nimu zokwana magalamu 50 pa lita iliyonse ya madzi, muviike usiku wonse, musefe ndi nsalu, muthiremo kasopo pang'ono kuti amatirire, mupopere madzulo chifukwa dzuwa limamuthetsa mphamvu msanga. Sapha nthawi yomweyo. Mbozi imangoleka kudya, pakatha masiku angapo n'kufa, choncho musaganize kuti wakanika. Alimi ena kuno amagwiritsa ntchito masamba a ombwe, chitsamba chomwe chinafala m'midzi yozungulira malo a kafukufuku wa zaulimi a Msekera pa nthawi ya kafukufuku wa mitengo yobwezeretsa chonde m'nthaka. Amagwiradi ntchito, koma ndi poizoni weniweni, yemwe uja amaphera nsomba m'madzi. Ine pa masamba amene ndikufuna kudya sabata yomweyo sindimuthira.

Madontho a m'dzinja

Walira mvula walira matope. Mvula ya Januwale ndi Febuluwale ikakhazikika, masamba akale a bitiruti amayamba kuoneka timadontho tozungulira, tating'ono ngati njere ya mapira, totuwa pakati koma tozunguliridwa ndi mzere wofiira. Amenewa ndi matenda a nkhungu yotchedwa Cercospora, ndipo kwa ife ndiwo matenda aakulu a bitiruti. Timadonthoto timachuluka, kulumikizana, pakati pake n'kubooka, tsamba lonse n'kuuma. Chomera chimalimbikira kutulutsa masamba atsopano m'malo mokulitsa muzu, ndiye mumakolola tinthu tating'ono.

Nkhungu imeneyi imafuna zinthu ziwiri, kutentha ndi tsamba lonyowa nthawi yaitali. Imayenda ndi madontho a madzi amene amadumpha kuchoka pa tsamba lodwala kapena pa dothi. Kudziwa zimenezi kumakuuzani chochita.

Choyamba, samutsani zigubu. Mwayi wa chigubu ndi umenewu, wa m'dimba sangautenge munda wake n'kuuika pakhonde. Ziikeni pomwe dzuwa la m'mawa likufika koma mvula yamphamvu siziwomba, ndipo musaziike pansi penipeni pomwe madzi a padenga amagwera. Zitalikitseni kuti masamba a chigubu china asakhudzane ndi a chinzake.

Kenako sinthani kathiridwe. Thirani pa dothi, m'mawa, ndi kachitini, osasambitsa masamba. Yalani udzu wouma kapena makoko a nshawa pamwamba pa dothi kuti madzi asadumphe. Thyolani tsamba lililonse la madontho mukangoliona, masamba ali ouma, mulitenthe kapena mulikwirire kutali. Musaliponye pa mulu wa manyowa, chifukwa nkhunguyo imakhala yamoyo m'zinyalala za masamba kupitirira chaka. Koma musakudzule chomera mpaka kutsala mtima wokha. Siyani masamba osachepera anayi kapena asanu kuti muzu upitirize kudya.

Pali chinthu chimene ambiri sadziwa. Sipinachi amene timagula mitolo ku Saturday Market, wa masamba aakulu ndi nthiti zoyera uja, ndi m'bale weniweni wa bitiruti, mtundu wake ndi umodzi. Matenda a mmodzi ndi a mnzake. Ngati sipinachi wanu wakale ali ndi madontho, bitiruti amene mwamuika pambali pake adwala basi. Asiyanitseni, ndipo musabzale mmodzi m'dothi lomwe mwangochotsamo mnzake.

Nyengo youma, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, mukhoza kuona masamba ngati awazidwa ufa woyera. Imeneyo ndi nkhungu ina. Chotsani masamba oyambirira kugwidwa, muonetsetse kuti chomera sichikuvutika ndi ludzu. Kawirikawiri imafika mochedwa, muzu utakula kale.

Mukafika pogula mankhwala

Pa zigubu khumi kapena zocheperapo, ine ndimaona kuti mankhwala a m'sitolo safunika kawirikawiri. Koma ngati madontho akukula ngakhale mwachita zonsezi, mankhwala a kopa kapena mancozeb amateteza masamba amene sanagwidwe. Tsamba lodwala kale salichiritsa. Pa mbozi funsani mankhwala a Bt, omwe ndi tizilombo ta bakiteriya topha mbozi zokha, ndipo amagwira bwino mbozi zikadali zazing'ono.

Tengani tsamba lodwala m'kapulasitiki mukawaonetse alangizi a zaulimi kapena wogulitsa wodziwa ntchito yake, m'malo mongofotokoza pakamwa. Gulani mankhwala a m'botolo lake lenileni lokhala ndi chizindikiro. Aja opungulira m'timabotolo topanda dzina asiyeni, simudziwa chomwe chili mkati ngakhale mlingo wake. Werengani masiku amene muyenera kudikira musanakolole, muwalembe pa chigubu ndi makala. Izi n'zofunika kwambiri kwa bitiruti chifukwa masamba ake ndi ndiwo, ndipo pakhomo pali anthu ena amene angathyole osakufunsani. Mankhwala a thonje kapena ophera ntchemberezandonda m'chimanga asayandikire ndiwo za pakhonde pomwe ana amasewera.

Zimene muzu udzakuuzeni

Zulani muzu ukafika kukula ngati dzira lalikulu kapena kupitirira pang'ono. Musanauphike uyang'aneni, chifukwa ukukuuzani zoti mukonze ulendo wotsatira.

Khungu la zigamba zokhakhala ngati nkhanambo limabwera m'dothi louma lomwe lachuluka phulusa kapena laimu. Mukasenda amadyeka bwinobwino, koma pamsika sangagulidwe. Mukadula n'kupeza madontho akuda olimba mkati, kapena mtima wa chomera unada n'kufa, ndiye kuti chomera chinasowa mchere wa boroni, zomwe zimachitikanso phulusa likachuluka kapena dothi likamauma kawirikawiri. Manyowa okwanira ndi madzi osadumphadumpha zimathetsa vutoli nthawi zambiri. Feteleza wopopera wokhala ndi boroni alipo, koma tsatirani mlingo wolembedwa, chifukwa m'chigubu boroni wopitirira pang'ono chabe amawotcha chomera.

Muzu wong'ambika ndi nkhani ya madzi. Kuno mipopi ikauma masiku awiri, tsiku lachitatu timathira mobwezera, muzu n'kumwa mothamanga mpaka kuphulika. Sungani chigubu chimodzi cha madzi a zomera zokha, kuti muzithira pang'ono koma mosadukiza. Madzi otsukira mbale okhala ndi mafuta ndi sopo wambiri asalowe m'chigubu, poti mchere wake ulibe kothawira. Mizere yoyera mkati mwa muzu imabwera ndi kutentha kwambiri. Masamba ambiri muzu wochepa ndiye kuti mwachulutsa yuriya kapena manyowa a nkhuku, kapena simunapatulire. Kasupuni kamodzi ka feteleza wa Compound D kosakaniza m'dothi pofesa n'kokwanira pa chigubu chokhala kale ndi manyowa. Ndipo mukapeza phewa la muzu lomwe limatulukira pamwamba lili ndi zipsera za mano awiriawiri, ndi makoswe. Kwirirani mapewawo ndi dothi, mutchere msampha.

Chigubu mukatha kukolola

Khuthulani dothi lonse pa thumba, muchotse mizu ndi masamba otsalira. Ngati mizu inali ndi timfundo ta manematodi kapena inawola, dothilo lisabwererenso m'chigubu lisanapite padzuwa pansi pa pulasitiki. Tsukani chigubu ndi sopo, muchiyanike masiku awiri. Ngati zonse zinali bwino, onjezerani manyowa atsopano mubzalemo mbewu ya banja lina, monga anyezi kapena repu, ndipo bitiruti ndi sipinachi adikire mpaka mutasintha dothi kapena patadutsa zaka ziwiri. Ine ndimalemba ndi penti pa chigubu chilichonse chomwe munali ndi mwezi wake, chifukwa zigubu zachikasu zonse zimafanana ndipo pofika Epulo ndimakhala nditaiwala.